Khoswe wa a Musaphethire

A Musaphethire ndi ojambula zithunzi za pasipoti m'kasitudiyo kopanikizika pakati pa ometa tsitsi ndi okonza mafoni. Dzinali analitola pantchito, poti amakuuza kuti usaphethire ngakhale wangobwera kudzafunsa njira. Moyo wawo wonse ajambula mitu ya anthu okwinya nkhope kutsogolo kwa nsalu yoyera, koma mukawamva akudzitama mungati dzuwa limayamba lawapempha chilolezo lisanatuluke.

Kunyumba kwawo, m'chipinda cha lendi momwe bedi ndi mbaula zimapumirana, munalowa khoswe. Una wake unali kuseri kwa kabati, ndipo ankatuluka masanasana ngati mwini malo. Tsiku lomwe anaboola diresi la akazi awo, mayiwo sanakweze mawu.

"Abambo, musankhe. Una uwu ukapanda kutsekedwa, ine ndikupita kwa achemwali."

Tsoka lake, a landilodi salola munthu kukhudza khoma lawo, ngakhale kukhomapo msomali.

"Nyumba zanga zilibe makoswe," anatero a landilodiwo.

"Ndimutchera msampha, mudzamuone."

"Khoswe wakufa munthu angathe kutola kudzala. Ndimuone akutuluka m'khoma langa, ndiye ndibwere ndi simenti."

Munthu wamba akanangobisala pabedi ndi foni yake basi. Koma a Musaphethire, katswiri wathunthu, ajambule ndi foni ngati mwana wasukulu? Anamanga tayi, ulendo kushopu ya makamera kukasankha lenzi, chigalasi chija chakutsogolo kwa kamera chokokera zinthu pafupi.

"Mukufuna kujambula chiyani, bwana?" anafunsa wogulitsa.

"Tinyama ting'onoting'ono."

"Timakhala patali bwanji?"

Apa ndiye manyazi anawalowa m'mafupa. Munthu wa tayi anene pagulu kuti kanyamako amagona nako chipinda chimodzi? Anakhosomola kaye. "Ndi takutchire. Tamantha kwambiri, sitiyandikirika."

Wogulitsayo anayala malenzi patebulo, ina yaifupi ngati kapu, ina yaitali ngati munsi. A Musaphethire sanayang'ane n'komwe yaifupiyo. Kwa iwo chinthu chikakula ndiye kuti chili ndi nzeru. Anabwera kunyumba atafungata munsiwo ngati khanda.

Anasuntha kabati, n'kulozetsa lenziyo paunapo. Chifunga chokhachokha. Paja lenzi yaitali siiona chapafupi, ili ngati nkhalamba yowerenga nyuzipepala itatambasula mkono. Anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda chitseko, chifunga chomwecho. Anatulukira pakolido, osasintha. Unawo unayamba kuoneka bwino atalowa chafutambuyo m'chipinda cha atelala, choyang'anizana ndi chawo, n'kutsamira makina osokera.

"Aneba, mwadzayesa thalauza kapena mwasamuka?" anafunsa atelala.

"Imitsani kaye makinawo, muthawitsa khoswe."

Ndiye zitseko zonse ziwiri zinkayenera kukhala pululu kuyambira m'mawa. Aliyense wodutsa pakolido ankasuzumira: mapoto akuda, bedi lochirikiza ndi njerwa, zamkati zoyanika pachingwe. Azimayi ena ankadutsa kawirikawiri, ati akukataya madzi, beseni lili louma.

"Tsono ine ndizivalira pati?" anafunsa mayi akunyumba aja.

"Pirirani pang'ono, amayi. Ndipo musamadutse kutsogolo kwa lenzi."

Situdiyo inakhala yokhoma. Ofuna pasipoti ankagogoda, n'kupita kwina. Bambo ali pampando wa atelala, diso limodzi lotsinzina, khosi litauma, kudikira khoswe ngati mlendo wolemekezeka.

Khoswe uja anatulukadi, nawonso anadina batani la kamera. Chithunzicho anachitsuka chachikulu, n'kupita nacho kwa a landilodi, akazi awo ali pambuyo. Chinali chithunzi ndithu, zimenezo tisawanamizire. Diso lakuda lonyezimira, mphuno yonyowa, ndevu zoti mungaziwerenge. Kungoti lenzi yaitali imangotapa kamalo kakang'ono, moti nkhope ya khosweyo inadzaza pepala lonse. Una sunalowemo, khoma silinalowemo.

A landilodi anachiyang'ana modekha. "Wanenepa bwino. Kwawo n'kuti?"

"M'nyumba mwanu momwemo."

"Nyumba yanga ili pati apa? Ine ndikuona khoswe, mwina wakumsika."

"Komatu taonani mmene ndevuzo zatulukira," anatero a Musaphethire, chala chili pachithunzi, nkhope ikuwala.

Mayi aja sanayang'ane ndevu. Anayang'ana amuna awo nthawi yaitali, kenaka anabwerera kukalongedza mapoto. Atelala ndi amene anawanyamulira chikwama mpaka pamsewu.

Lero chithunzicho chili mufelemu pakhoma la situdiyo, pamwamba pa mitu ya anthu. Mukawafunsa za amayi akunyumba, amati anapita kukazonda matenda, n'kuyamba kupukuta kamera. Mukawafunsa za khosweyo, amakukokerani mpando.