Kaufiti wa m'thanki ya bambo anga

Ndinali ndi zaka khumi pamene bambo anga, a Lusiyano, anamwalira n'kundisiyira kanyanja pabalaza. Mayi anga sindinawadziwe, anatisiya ndili kumsana. Amene ankandilera ndi agogo, amayi a bambo, m'nyumba imene bambowo anamanga ku Bangwe. Bambo ankagwira ntchito pa sitima zapamtunda zopita ku Beira, ndipo pobwerako ankatenga madzi a m'nyanja yamchere m'zigubu n'kumathira m'thanki yagalasi imene inali pakona, pafupi ndi zenera. M'thankimo munali miyala yobowokabowoka, kansomba kamodzi kabuluu, ndi kapampu kamene kankalira usana ndi usiku ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Pamwala waukulu panali tinthu tobiriwira tothithikana timene bambo ankatitcha mabatani. Nyali ikayaka mabataniwo ankatseguka, ukayandikiza chala ankatsinzina.

Lamlungu bambo akakhala pakhomo, ine ndi agogo tinkapita ku Misa, iwo n'kutsala ndi thanki yawo. Zimene ankachita nayo sindinazionepo.

Bambo anadwala masiku ochepa chabe, m'nyengo yozizira. Maliro atatha, achibale anagawana wailesi, njinga ndi masuti. Pa thanki panalibe wolimbirana. Mmodzi mwa iwo anati madziwo angotayidwa, magalasi akaikidwe m'mawindo.

"Nsomba yoti sungaikazinge, amayi, mukuisungiranji?" anafunsa choncho.

Agogo, amene nthawi zonse ankanena mawu omwewo kwa bambo, anaima kutsogolo kwa thankiyo manja ali m'chiuno. "Mwatenga nsapato zake ndakhala chete. Ichi chokha muchisiye."

Kuyambira pamenepo thanki inakhala yanga. Ndinali mwana wosalankhulalankhula, ndipo ndikaweruka kusukulu ndinkakoka kampando n'kukhala pamenepo mpaka agogo atandiitana kukatsuka mbale. Patapita milungu ingapo ndinaona kanthu katsopano m'bowo la mwala. Kanali ngati kaduwa kabulauni, koonekera mkati ngati tiyi wopanda mkaka, kokhala ndi timanja tambirimbiri timene tinkavina ndi madzi. Ndinanyenya usipa n'kugwetsera pafupi. Timanja tija tinagwira n'kupinda, chakudya n'kulowa pakati. Chiyambireni maliro, aka kanali koyamba kuona chinthu chikuwonjezeka m'nyumba mwathu.

Ndinkakadyetsa tsiku lililonse, ndipo timaluwato tinachulukana. Agogo ankaitana amayi oyandikana nafe kudzaona. "Taonani, maluwa a Lusiyano akuphuka, mwini wake kulibe." Amayiwo ankagwira pakamwa. Mabatani okha ndiwo anayamba kukana kutseguka, makamaka mbali imene inayandikana ndi maluwawo. Ine ndinkati nawonso akulira maliro.

Tsiku lina Loweruka kunabwera a Saidi, mnzawo wa bambo wa pa sitima, atamangirira chigubu cha madzi a m'nyanja kumbuyo kwa njinga kuchokera ku Limbe. Anali munthu wamtali, woseka ndi thupi lonse. Atapereka moni kwa agogo anagwada pa thanki, ndipo kuseka kuja kunathera pomwepo.

"Rozina, izi zachuluka chonchi liti?"

"Ndimazipatsa usipa, ankolo."

Anandiyang'ana kanthawi, kenako anavula chipewa n'kupukuta pamutu. "Mwana wanga, awa si maluwa. Ku Beira amati anemona. Bambo ako ankati ndi kaufiti. Umamudziwa kaufiti wa m'munda? Duwa lake lokongola, koma chimanga chimafera pomwepo. Timanja iti timaotcha. Taona mabatani mmene apsera uku."

Agogo anakana. Anati Lusiyano sakanasunga chinthu choipa m'nyumba.

"Sankasunga, amayi, ankalimbana nacho. Chimabwera chobisala m'miyala. Lamlungu lililonse ankachibaya ndi madzi a mandimu. Jekeseni yake ili kuti? Inali yagalasi, ankaisunga m'kachitini ka fodya."

Agogo anakhala pansi pomwepo, pasimenti. Kachitiniko anakapeza okha atabwerako kumanda, ndipo anakabisa m'sutikesi pansi pa nsalu zawo osauza munthu. Miyezi yonseyo ankaganiza kuti mwana wawo ankadzibaya mankhwala mobisa, kuti anadwala nthawi yaitali iwo osazindikira, akugona naye nyumba imodzi.

"Ndiye kuti sankadwala?" anafunsa ndi mawu aang'ono.

"Lusiyano? Uja ankaopa jekeseni kuposa mwana wa sikelo. Inali ya mandimu, amayi."

Agogo anaseka, kenako kusekako kunasanduka kulira, ndipo a Saidi anangoyang'ana pansi akuzunguza chipewa m'manja.

Madzulo omwewo anandiphunzitsa. Umafinya ndimu, n'kusefa ndi kansalu, n'kukoka pang'ono m'jekeseni. Dzanja umalowetsa m'madzi pang'onopang'ono, chifukwa kaufitiyo akadzidzimuka amathawira m'bowo. Umabaya pakamwa penipeni. Ndipo subaya ambiri tsiku limodzi, chifukwa mandimu akachuluka madzi amawawasa, nsomba n'kufa. Manja a agogo ankanjenjemera, a Saidi ankabwerera ku ntchito, choncho ntchitoyo inagwera ine.

Ndinayamba ndi wamkulu uja, woyamba kumera. Singano itayandikira sanathawe. Anatambasula timanja take n'kuigwira, monga ankachitira ndi usipa, poti anazolowera kuti dzanja langa limabwera ndi chakudya. Ndinakankha. Anafota n'kuyera ngati mamina, timanja tija n'kulendewera. Ndinatulutsa dzanja, madzi amchere akutsikira m'chigongono, n'kupita kuseri kwa bafa kumene agogo sakanandiona.

Agogo ntchitoyo inkawachedwera. Chimene ankachitamanda kwa anzawo tsopano ankachida ndi mtima wonse. Tsiku lina ndili kusukulu anatenga mpeni n'kupala miyala yonse ngati akupalira m'munda. Ndinapeza madzi ali mbuu, iwo akupukuta mpeni mokhutira. "Zatha. Inu ndi tisingano tanu mukanafika nazo Khirisimasi." Sipanapite nthawi, tiana ta kaufiti tinamera paliponse, pagalasi, pamchenga, ngakhale pa kapampu. A Saidi atabweranso anagwira mutu. Anati ukamung'amba, kachidutswa kalikonse kamakamera pakepake. Mawa lake agogo anapita kumsika n'kubwera ndi mandimu odzaza m'kansengwa, n'kuwaika pafupi ndi kampando kanga.

Zinanditengera dzinja lonse. Zala zanga zinasuwa ndi mchere, ndipo m'nyumba munkamveka fungo la mandimu ngati muli wodwala chimfine. Koma m'mawa wina nditayatsa nyali, mabatani a m'mphepete, aja ndinkati anafa, anatseguka pang'ono. Ndinaitana agogo. Anabwera ndi chipande m'manja, anawerama, n'kuyang'ana nthawi yaitali. "Ee, awa ndiye ake aja," anatero, n'kubwerera kukhitchini akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pamenepa. Koma kutsidya kwa malire kunali nkhondo, imene akuluakulu ankaikamba motsitsa mawu, atayamba ayang'ana kaye pawindo. A Saidi anayamba kubwera patalipatali, kenako anabwera ndi njinga yopanda chigubu. Sitima zinali zitasiya kufika ku Beira. Tinayesa kusungunula mchere wa kumsika m'madzi a pampopi, koma sunali nyanja. Mabatani anatsinzina osatsegukanso, n'kuyamba kusuwa pamwala. Kansomba kanakhalako pang'ono, kenako ndinakapeza m'mawa katagona chammbali pamchenga. Ndinakakwirira pansi pa mtengo wa mapeyala.

Kapampu sitinakazimitse msanga. Palibe amene ankafuna kukhala woyamba. Ndipo m'madzi oipawo, mmene china chilichonse chinalephera, kaufiti anameranso, awiri kapena atatu m'mabowo, akuvina ngati palibe chimene chachitika.

Agogo anawaona ine ndisanawauze. Anaima pambali panga, dzanja lawo lili paphewa langa. "Bwanji tingowasiya, Rozina? Bola muli chamoyo. Munthu ukamadutsa umaona kanthu kakugwedezeka."

Ndinkafunitsitsa kuvomera. Ndinkadziwa mmene pakona paja pakanakhalira popanda kanthu. Koma ndinapukusa mutu.

"Bambo sakanawasiya, agogo."

Anawerama okha n'kuzula waya wa kapampu kukhoma. M'nyumba munagwa bata limene ndinali ndisanalimvepo chibadwire. Tinatunga madziwo ndi ndowa n'kukataya kudzala, miyala tinaiyanika padzuwa mpaka inayera.

Lero ndine wamkulu kuposa mmene bambo analili pomwalira. Ndaona anthu ambiri akusunga za omwalira awo, nyumba, minda, mabizinesi, ngakhale mikangano, n'kumathirira chilichonse chimene chamerapo poganiza kuti ndiko kukhulupirika. Sindiwaseka, chifukwa ndikudziwa mmene mtima wamasiye umakondwera ndi chilichonse chimene chikukula. Koma wakufa amakusiyira zimene ankakonda zili poonekera, pamene zimene ankazula sizioneka, poti anazizula kale. Bambo anga ndinawadziwa mochedwa, dzanja lili m'madzi, ndikupha chinthu chimene ndinkachikonda chifukwa iwo ankadziwa chimene chimawononga. Thanki yopanda kanthu ija inali yawo kuposa mmene ikanakhalira yodzaza.