Kuwala kwa Leza pa Nikelo

Chaka choyamba cha maphunziro anga kunja chitatha, ndinabwerera kwathu kufupi ndi Nsaru ndili chimanjamanja. Mphatso ndinali nazo, amayi nsalu, bambo jekete. Koma pa ntchito imene ndinapitira panalibe choti n'kuloza kuti ichi ndapeza.

Ntchitoyo inali yotere. Ndinkatenga kachitsulo kochepa ngati chikhadabo, n'kukadyetsa asidi ndi magetsi kuti kakhale kokhakhala, kenako n'kudonthezapo mankhwala. Ndikatero ndinkawalitsapo kuwala kochokera m'makina otchedwa leza. Kuwala kochuluka kumabwerera monga kunapitira, koma kagawo kochepetsetsa kamabwerera katasintha mtundu. Kusinthako n'kumene kumaulula kuti pachitsulopo pakhala molekyulu yanji, kachidutswa kochepetsetsa ka mankhwala aja, ndiponso kuti yagwira bwanji. Pa siliva ndi golide zimenezi sizivuta, chifukwa zitsulozi zikakhala zokhakhala zimakuza kuwalako. Koma aphunzitsi anga aakulu ankafuna nikelo, poti nikelo ndi zitsulo zinzake n'zimene zimafulumizitsa ntchito m'mafakitale, ngakhale opanga feteleza. Nikelo anali wamakani. Miyezi yonseyo pakompyuta pankangotuluka mzere wonjenjemera wopanda tanthauzo, wopanda nsonga zoulula molekyulu.

Nditatsala pang'ono kunyamuka ndinayesa njira ina. Ndinakuta timibulu ta golide ndi kakhungu kopyapyala ka nikelo, kuti golide azikuza kuwala ali mkati, mankhwala atakhala pa nikelo kunja. Mpata woyeza sindinaupeze. Timibuluto ndinasiyira mnzanga wa mu labu, mtsikana wofatsa wa kwawo komweko, amene analonjeza kuti makina akapezeka opanda munthu adzayeza n'kunditumizira uthenga.

Pakhomo pathu netiweki sinkagwira. Ndinkadzuka, kusesa theka la bwalo, kusiya tsache pomwepo, n'kuuyamba wapansi wopita pa Nsaru. Kumeneko ndinkaima pakhonde la golosale ina nditakweza foni m'mwamba, makondakitala a minibasi akundifunsa ngati ndikupita ku tauni. Ndikabwerera ndinkakhala pampando, kunyamuka, kukatunga madzi amene anali kale odzaza m'ndowa. Kutchalitchi, nyimbo zimene ndinakula nazo ndinkaziimba ndi pakamwa pokha, mutu uli pa timibulu tija.

Amayi anandiyang'anitsitsa masiku angapo. Tsiku lina tikutola nyemba anandifunsa mosazungulira ngati ndinasiya mwamuna kumeneko, kuti ngati alipo ndinene, asamvere kwa anthu. Ndinawauza kuti si mwamuna, ndi chitsulo. Sanaseke. Anangoti munthu wamkazi woyenda msewu umodzi tsiku ndi tsiku anthu amamuwerenga.

Bambo anali atapuma pa uphunzitsi, ali mkulu wa mpingo, ndipo ankalima fodya mothandizana ndi banja la tenanti lochokera ku Phalombe. Inali nyengo yosankha fodya. Anandiitanira m'chigafa, ati mwina manja akatanganidwa miyendo ikhala pansi. Ndinakhala pakati pa iwo ndi mayi wa banja lija, ndipo bambo anandiuza kuti ndiwafotokozere ntchito yanga ngati mwana wa sitandade faifi. Nditatchula dzina la makina, anaimitsa manja.

“Leza? Mwafika potsekera Leza m'bokosi?”

Anaseka mpaka kutsokomola ndi fumbi la fodya. Ine ndinagwira pomwepo. Ndinawakumbutsa za uta wa Leza, mmene kuwala kumodzi kumagawikira mitundumitundu, ndipo ndinati makina athu amachita zomwezo, kungoti ife timasakasaka mtundu wofooka kwambiri umene diso silingauone. Anamva msanga, n'kuyamba kufunsa mafunso a mphunzitsi, ena oti ndinavutika kuyankha.

Mayi uja anasiya kumanga fodya. Kenako anatambasula manja ake. Khungu linali losupuka pakati pa zala, ndipo anati limayabwa chaka chilichonse akathira mankhwala ku nazale ndi kumunda. Anandifunsa ngati kuwala kwangako kungaone chimene chimatsala m'manjamo. Ndinawauza zoona, kuti alipo ena amene amayeza mankhwala otere pa siliva, koma yanga si imeneyo. Anagwedeza mutu n'kupitiriza kumanga fodya. Kuchokera tsiku limenelo mtima wanga unali ndi zinthu ziwiri zoutafuna, chifukwa ndinayamba kudzifunsa ngati ndinasankha funso loyenera.

Uthenga unafika tsiku la msika. Mnzanga analemba kuti mzere watuluka ndi nsonga zooneka bwino, ndipo anatumiza chithunzi. Chinkatseguka pang'onopang'ono, ine nditapanikizika pakati pa njinga za makala ndi amayi ogulitsa tomato. Chitatseguka ndinachikulitsa ndi zala. Nsongazo ndinkazidziwa. Zinali pamalo enieni pamene zimakhala mankhwala akakhudza golide. Kakhungu ka nikelo kanali ndi timabowo, mankhwala analowa mpaka mkati, ndipo nikelo anali asananenebe kanthu.

Ndinafika kunyumba n'kuyamba kupinda zovala. Ndinkafuna kukwera minibasi m'mawa mwake, ndikasinthe tsiku la ndege, ndikayambirenso. Amayi anaima pakhomo la chipinda, kenako anapita kukaitana bambo. Iwo anamvetsera nkhani ya timabowo mpaka kumapeto.

“Kodi chitsulocho chiwola ukachedwa?”

Ndinati ayi.

“Ndiye khala umalize tchuthi chako. Amayi akowa anakudikira chaka chathunthu.”

Ndinakhala. Sindinganene kuti mtima unakhazikika. Ndinkasankha fodya ndikuganiza za asidi, n'kumasakaniza masamba ofiira ndi otuwa, ndipo mayi wa ku Phalombe ankamasula mitolo yanga mwakachetechete n'kuimanganso. Ulendo wa pa Nsaru ndinauchepetsa, koma ndinkazungulira munda wa chimanga m'malire mwake mpaka agalu anasiya kunditsatira. Tinapita ndi amayi ku Nambuma kukaona abale, ndipo njira yonse ankandiuza za maukwati ndi maliro amene ndinaphonya. Zina ndinazimva, zina zinandidutsa.

Nditabwerera ku labu, panapita pafupifupi chaka china kuti ndiphunzire kukuta golide popanda kusiya bowo. Tsiku limene nsonga zinatuluka pamalo atsopano, a nikelo, zinali zazing'ono moti aphunzitsi anga anavala magalasi kuti azione. Ndinaimba foni kwathu. Bambo anali ku msonkhano wa akulu a mpingo, choncho anayankha amayi, amene anali pa Nsaru kuchigayo. Ndinawauza kuti zatheka. Anathokoza Mulungu, n'kundifunsa ngati tsopano ndibwera kudzakhala. Ndinati ndiyenera kubwereza kaye kangapo, chifukwa akatswiri sakhulupirira za kamodzi. Phokoso la chigayo linameza yankho lawo, foni inaduka, ndipo ine ndinabwerera kukatsuka kachitsulo kena.