Gogodela Yovala Suti

Mfuti ija inalowa m'nyumba mwathu itakulungidwa m'thaulo, tsiku limene amuna anga anakachotsa katundu wa mzungu wina wokalamba amene anamwalira ku Drumcondra, mumzinda wa Dublin. Ntchito yawo inali imeneyo: munthu akafa, ana ake amaitana galimoto kuti ichotse zonse, nyumba igulitsidwe. Ana a malemuwo anati mfutiyo aitenge, ndi yokongoletsera chabe. Inali yaitali, yolemera, chogwirira chake cha mtengo wofiirira, m'munsi mwake mkuwa wonyezimira. Pakachigubu kake kozungulira anajambulapo asilikali ali pamahatchi. Bwana wa amuna anga anawauza kuti zoterezi ankanyamula asilikali a pamahatchi ku America kalekale, koma iyi anaipanga dzana lomweli motengera zakalezo, kuti anthu azipachika pakhoma. Siomba.

Kwa amuna anga, mawu akuti siomba analowera khutu ili n'kutulukira linali. Bambo awo anali mlenje ku Mchinji, ndipo iwo anakula akuwanyamulira gogodela. Ataona kuti nayo iyi wonga umathiridwa chakutsogolo, ndiponso ili ndi kachitsulo kotsindira pansi pa mpope, anaseka ngati akumana ndi m'bale wawo kuchilendo. "Iyi ndi gogodela yovala suti," anatero. Ine ndinati akaipachike kwa agogo awo, chifukwa ife khoma tinalibe.

Sindinkanama. Tinkakhala ku Swords, kunja pang'ono kwa Dublin, mabanja atatu m'nyumba imodzi, ndipo ife chipinda chathu chinali theka la pabalaza, lotchingidwa ndi nsalu. Mwini nyumba ankadziwa banja limodzi lokha, la bambo wina wa ku Zambia wogwira ntchito ku bwalo la ndege. Bamboyo ndiye anali boma lathu: osaima pazenera, osayanika zovala panja, osalowa awiriawiri. Ndinkadana nawo malamulo ake, koma ndinkawatsata. Zaka zimenezo ntchito zinali zitabwerera mu Dublin, koma nyumba ayi. Ukapita kukaona chipinda unkapeza mzere wafika pamsewu, ndipo ena akangomva lilime lako pafoni, chipinda chinali chitapita kale.

Apongozi anga anamwalira chakumapeto kwa Okutobala. Mapepala a amuna anga anali asanatuluke, moti akanapita kumaliro sakanabwereranso. Sanalire. Chimene chinawadya ndi foni ya mng'ono wawo, yonena kuti m'mudzi monse mulibenso mfuti, mlenje aikidwa popanda kumuombera.

"Bambo anga apite chinunu ngati nkhuku?" anandifunsa.

Inali nyengo imene makombola a chikondwerero cha azungu cha Halowini amaphulika m'makwalala a Dublin kuyambira masana. Iwo anati kuphulika kumodzi pakati pa ambirimbiri palibe angakuzindikire. Ine pakamwa panga sipachedwa. Ndinati, "Mukufuna maliro awiri sabata imodzi? Chidole chimenecho n'cha pakhoma, bambo, musandiyese." Ine ndinkati amva. Osadziwa kuti mfutiyo anali ataiboola kale kuntchito, ndipo wonga anali atakhuthula m'makombola.

Tsiku loika maliro linali Loweruka. Ndinkatsuka mbale masana, ndipo pazenera ndinawaona kuseri kwa nyumba, pakati pa mabini, foni ataitsamiritsa pa njerwa, ikuonetsa anthu ali kumanda. Anavula chipewa. Anakweza mkono kuloza kumwamba. Ndinamenya galasi ndi chikhatho, koma mochedwa.

Kuphulika kwake sikunali kwa makombola. Galasi linang'aluka pamaso panga, utsi woyera unadzaza bwalo, ndipo chitsulo china chinakazika pachitseko cha shedi. Nditatuluka ndinawapeza atagwada, akuyang'ana dzanja lawo ngati si lawo. Chikhatho chinali chitatseguka pakati, mafupa akuoneka mbee, chala chimodzi chikulendewera pakachikopa, china palibe. Magazi sankadontha, ankathamanga, mpaka pa bini ndi pa diresi langa. Pafoni paja anthu ankaimbabe nyimbo ya maliro.

Ndinawamanga mkono ndi nsalu yopukutira mbale, n'kuwakokera kukhitchini. Nditangotulutsa foni, bambo wa ku Zambia uja anatsika masitepe atavala kabudula, n'kundilanda.

"Ba sister, osatuma foni! Ambulance ikabwela, ma Garda, ma police aja, nabo bazabwela. Manje landlord akaziba, tonse tizagona pa street."

"Bweretsani foni yanga, achimwene. Simukuona magaziwa?"

"Tizamanga chabe. Kuli nurse wathu ku Lucan, azabwela ku ma six."

Nthawi n'kuti isanakwane ngakhale 2 koloko. Amuna anga milomo inali itayamba kutuwa. Ndinalumphira foni, iye n'kundiomba pama limene linandigwetsera pa fuliji, khutu n'kumangolira. Mkazi wake anaima pakhomo atafungatira ana ake awiri, akungoti, "Chonde amayi, ana awa, ana awa." Pamoto panali chiwaya chachitsulo. Ndinachigwira ndi manja awiri n'kumumenya nacho bambo uja pakamwa. Ndinamva mano akuthyoka. Anagwa, koma anandigwira mwendo, n'kuyamba kundikhoma zibakera m'nthiti, ine n'kumam'ponda kumaso ndi chidendene, tonse tikuterera m'magazi a amuna anga. Ndinali nditapsa mtima moti akanapanda kundisiya ndikanamupha, ndipo mpaka lero sindichita nazo manyazi.

Foni inali itagwera kuseri kwa chitofu. Ndinatsegula chitseko chakumaso, chimene tinkachitsegula mwakachetechete ngati akuba, n'kuima pakati pa msewu, n'kukuwa ngati kwathu. Ndinakuwa m'Chichewa, chifukwa Chingelezi chinandithawa. Mayi wina woyandikana nafe, amene sankadziwa n'komwe kuti ndimakhala pamenepo, ataona diresi langa anathamangira m'nyumba kukaimba.

Oyamba kufika sanali a ambulansi. Mayi uja anali atanena kuti wamva mfuti, ndiye anabwera apolisi a zipewa zachitsulo, mfuti zawo zenizeni zili chire. Anatigoneka chafufumimba pamsewu wonyowa, bondo pamsana, manja kumbuyo. Bambo uja anagona pafupi nane akulavula magazi. Kenako apolisi anayamba kutulutsa anthu ena m'nyumba, mmodzi, wina, winanso, ndipo oyandikana nafe anaima m'makomo mwawo akutiwerenga ndi maso. Amuna anga anatuluka pamachira, mkono uli m'mwamba, atakomoka.

Mwini nyumba anafika dzuwa lisanalowe. Sanakalipe. Anangoyenda chipinda ndi chipinda, akukankha matiresi ndi nsapato, n'kuuza bambo uja kuti pofika Lachisanu asapezemo ngakhale supuni. Ena anati lamulo silimulola kutithamangitsa choncho, koma ndani wa ife akanapita kukadandaula? Banja la ku Zambia lija linakagona m'galimoto masiku angapo, kenako anawaika m'kachipinda ka hotela, onse anayi, kopanda pophikira. Banja lachitatu linabalalika, mwamuna kwina, mkazi kwina. Kutchalitchi mawa lake la ngoziyo ndinapereka dzanja la mtendere kwa mkazi wa bambo uja, iye n'kupinda manja ake pachifuwa. Zinandipweteka kuposa nthiti.

Madokotala anagwira ntchito pa dzanja lija maulendo awiri. Zala ziwiri zinapita, koma dzanja linatsala. Mmodzi anandiuza kuti tikanadikira mpaka madzulo bwenzi tikukamba za mkono wonse, mwinanso za bokosi. Ndinalowa m'wodi mtima uli m'malo, nditanyamula zikwama zathu ziwiri chifukwa ndinalibe pozisiya. Ndinazikankhira kunsi kwa bedi kuti anamwino asazione, koma amuna anga anaziona.

"Zikwamazo n'zachiyani?"

Ndinawafotokozera zonse, za chiwaya, za apolisi, za Lachisanu. Ndinkayembekeza kuti mwina alira, mwina apepesa, mwina angondigwira ndi dzanja lotsalalo. Anatembenuka n'kundiyang'ana ngati ndine ndinathira wonga.

"Amayi, bwenzi mutangomvera achimwene aja," anatero. "Dzanja ndili nalo lina. Nanga nyumba ina ili kuti?"