Mlamu wa Chipewa Abweranso ku Nchalo

Kale, chikwanje chisanayambe kuwalemera, a Lorenso ankadula nzimbe pa esiteti ya ku Nchalo. Anachokera kutsidya, ku Mutarara, ali mnyamata wa miyendo ngati ya kakowa, ndipo ntchitoyo anaigwira mpaka msana unapindika. Komatu pa kompaundi sankatchuka ndi chikwanje ayi. Ankatchuka ndi timabuku.

Timabukuto tinali ta zithunzi zojambula pamanja, totumbuluka, tonunkha chinyontho. Anawasiyira ndi mnzawo wina wobwera nato kuchokera ku Halale. M'menemo munali wapolisi wofufuza milandu, wa chipsera patsaya, chipewa chitaphimba diso limodzi, amene ankasaka mbava mumzinda wa nyumba zosanjikizana. Mawu ake ankalembedwa m'timitambo totuluka pakamwa, m'Chingerezi, ndipo mwa odula nzimbe munalibe woti n'kuwerenga. Dzina lake lenileni linawakanika anthu kutchula, basi anangomutcha Mlamu wa Chipewa.

Lamlungu masana, mapemphero atatha, anthu ankasonkhana pansi pa mtengo wa bwemba. A Lorenso ankakweza kabuku m'mwamba, n'kuloza chithunzi ndi chala, n'kumamulankhulira Mlamu. Ankamupatsa mawu okhuthala, osakaniza Chimang'anja ndi Chisena, pamene mbava ankazipatsa timawu ta m'mphuno. Aliyense ankadziwa kuti mawuwo ngopeka, koma wodandaula panalibe. Alomwe, Ayao, Atumbuka, onse ankaseka mpaka kugwira nthiti, mwaye wa nzimbe zotenthedwa uli kuwagwera m'mapewa. Kumbuyo kwenikweni kunkaima mtsikana wa ku Maseya, Otilia, ndi chidebe chake cha thobwa, ataiwala zogulitsa. Nyengo yodula isanathe, anali atakhala mkazi wa a Lorenso.

Zaka zinapita. Timabuku tija tinakokoloka ndi madzi osefukira pamodzi ndi mbuzi ndi mphasa. Bwemba uja anamudula. Anzawo apansi pa mtengo, ena anabwerera kwawo, ena anatsikira kuli chete. Maso a mayi Otilia anachita ng'ala, kotero kuti ankangosiyanitsa usana ndi usiku.

Tsiku lina m'mwezi wotentha wa Okutobala, a Lorenso akuchokera kumsika anadutsa pa vidiyo sho ya Rodgers, chisakasa cha mabango chokhala ndi dishi padenga. Pa bolodi la pakhomo panamatidwa chithunzi. Chipewa chija. Chipsera chija. Nkhalamba inaima njii.

"Iwe Rodgers, munthu uyu wamutenga kuti?"

"Ndi filimu yatsopano ya zigawozigawo, madala. Gawo loyamba likuonetsedwa Loweruka masana. Akuti anaitenga m'timabuku takale."

"Ameneyutu ndi mlamu wanga."

"Ndiye mubwere mudzamulonjere," anaseka Rodgers.

Atafika kunyumba n'kufotokoza, mayi Otilia anasiya kusenda nandolo.

"Mundiperekeze."

"Make Anita, mukaonako chiyani ndi maso amenewa?"

"Ndati mundiperekeze, bambo a Anita. Kuona ndinaona kale. Ndikufuna ndimumvenso ndisanafe."

Loweruka anavala chitenje cha kutchalitchi, nagwira mkono wa amuna awo. M'chisakasa munali mutadzaza anyamata a kabaza, odula nzimbe ongoweruka kumene, ndi amayi ogulitsa nsomba zouma. Munkatentha ngati mu uvuni ya njerwa. Wina anawasunthira pa benchi la kutsogolo.

Filimu inayamba. Mdima, mvula, munthu wachipewa akuyenda yekha mumsewu, akulankhula Chingerezi chapansipansi. Pajatu mafilimu a kwa Rodgers amabwera ali ndi DJ womasulira m'Chichewa, koma iyi inkatsika pa dishi ili yaiwisi.

"Rodgers, magetsi athima m'kanemamo kodi?" anafuula Raphael wa kabaza.

"Ndewu ili kuti? Munthu akungoyenda m'mvula ngati bakha!"

"Ifetu mvula tikuifuna kumunda, osati pano," anatero mayi wina wa nsomba.

"Ika mpira, ase!"

Rodgers anatola rimoti. Mayi Otilia anali atapendeketsa mutu, khutu kuloza ku sipika, nkhope itagwa.

"Si iyeyu," ananong'ona. "Mlamu salankhula chonchi. Tiyeni tizipita."

A Lorenso anawayang'ana akazi awo, kenaka anayang'ana kanema. Wachipewa uja anali atanjuta pafupi ndi nsapato imodzi yotayika pamsewu. A Lorenso anaweramira kukhutu kwa mayi Otilia, natulutsa mawu okhuthala aja.

"Nsapato iyi, shamwali, mwini wake ngwa chala chokhota, ndipo wathawa asanadye nkhomaliro."

Zala za mayi Otilia zinafinya mkono wawo. Mayi wa nsomba, amene anakhala pambali, anaphulika nako kuseka.

"Madala, kwezani mawu, tonse timve!" anatero Raphael. "Rodgers, usasinthe. Tsitsa voliyumu!"

Basi a Lorenso anaimirira, msana wopindika womwewo, chala kuloza kanema monga ankalozera kabuku. Mbava itaonekera yovala suti, anaipatsa timawu ta m'mphuno, ikulumbira kuti mbuzi ya ku Chapananga sinaione n'komwe. Mlamu atalowa m'nyumba yamdima, anamuodiritsa kaye, popeza munthu wolemekezeka salowa kwa eni ngati fisi. Chisakasa chinagwedezeka.

Sikuti onse anakondwa. Anyamata ena anatuluka kukasaka mpira kwina, akung'ung'udza kuti filimu yopanda zibakera ndi ndiwo zopanda mchere. Wina anati zimene akunena madalawa si zimene akunena wachipewayo, anzake n'kumuuza kuti akhale chete. Chakumapeto chifuwa chinawagwira a Lorenso, ndipo Mlamu anamanga mbava akutsokomola.

Anatuluka dzuwa litapendeka, anthu akukanganabe pakhomo, ena kuti mbava yamangidwayo si yeniyeni, ena kuti chipewacho n'cha mankhwala. Nkhalamba ziwiri zija zinalowa njira yodutsa m'mbali mwa ngalande, pang'onopang'ono, mwaye ukutsika kuchokera kuminda.

"Nanga mwamumva bwanji, make Anita?"

"Wakalamba," anatero mayi Otilia. "Mpweya ukumuthera pakati pa mawu."

A Lorenso anayang'ana pansi.

"Koma ndi yemwe uja," anapitiriza mayiwo, nakoka mkono wa amuna awo kuti ufike pafupi. "Takhuta, zikomo. Tiyeni tikafike, ndikamuphikire Mlamu wangayu tiyi wa mandimu."