Kakatoni ka anamwino

Mundikhululukire polimba mtima kulemba. Sukulu ndinalekezera setima, kalasi yachisanu ndi chiwiri, ndipo zimene ndikulembazi anthu sakamba pagulu. Koma pali munthu amene ndinamulakwira, ndiye ndaona kuti ndikakhala chete ndimulakwiranso kachiwiri.

Chaka china, chimanga chitangomera, matumbo anga anapotana. Anandichita operasawu, kunding'amba pamimba, ndipo nditatsitsimuka ndinapeza kuti anditulutsira thumbo pamimba, kumanzere kwa mchombo. Linali lofiira, lotupa, ndipo chimbudzi chinkatulukira pamenepo n'kugwera m'kathumba komata pakhungu. Tsiku lotuluka m'chipatala anamwino anandipatsa kaisha, ndiye kuti bokosi, yodzaza timatumbato, tizola (sizasi) yodulira, ndi kakatoni koboola pakati. Anati bowo la kathumba kalikonse ndizidula molingana ndi bowo la kakatoniko. Ananenanso zina, koma ine ndinali nditawerama ndi manyazi, ndikungoti "inde, inde" kuti asatope nane.

Kwathu, kufupi ndi Domwe, ndinkagona m'kanyumba ka udzu kuseri kwa nyumba ya achimwene. Ondiphikira ndi kundisesera anali alamu anga, akazi a achimwenewo, amene anabwera kuchokera ku Lifidzi chaka chapitacho. Ndi munthu wa nthabwala.

"Alamu, inu ndiye mwalemera," ankatero. "Anzanufe tikuthamangira kuchimbudzi mvula ili pamsana, inu mukungoyenda nacho."

Ndinkaseka, koma akachoka ndinkadzifunsa ngati kunali kucheza kapena kunyansidwa.

Masabata oyamba zonse zinkayenda. Kenaka timatumba tinayamba kuchucha m'mbali. Khungu lozungulira thumbo linasupuka, linkawotcha ngati tsabola, ndipo kathumba kokhala masiku atatu sikankathanso ngakhale tsiku limodzi. Ine sindinasinthe kanthu. Ndinkatsuka ndi madzi ofunda, kuumitsa, kujambula bowo ndi kakatoni kaja, n'kudula pamzere penipeni. Nanga ngati wolakwa sindine, ndani?

Amayi ataona chilondacho sanachedwe. "Uwu ndi mdulo," anatero. Kwathu amati mkazi amene akugona ndi mwamuna wake sathira mchere m'ndiwo za wodwala, akathira matenda amakula. Pakhomo pathu banja linali limodzi lokha. Kuyambira tsikulo mchere ankathira amayi, alamu ataima pambali ndi chipande m'manja.

Kuchucha sikunaleke. Ine ndinayamba kuganiza kuti wina akuboola timatumba ndi singano. Wolowa m'kanyumba kanga ine kulibe anali alamu okha, ndipo tsiku lina ndinawamva akuuza mnzawo kuti zofunda zanga sizikuuma. Ndinaika kaudzu pa chivundikiro cha kaisha n'kupita kukakhala kudimba. Pobwera kaudzu kanali pansi, kaisha ili pampando, pamene ine ndinaisiya pansi pakona. Ndinayang'ana kathumba kalikonse padzuwa. Sindinaone bowo, koma ndinati singano yake iyenera kuti ndi yopyapyala. Ndinakauza amayi.

"Munkafunamo chiyani m'kaisha ya mwana wodwala?" amayi anafunsa alamu pabwalo, achimwene ali pomwepo.

"Sindinatsegule, amayi. Pakona paja denga likudontha, ndiye ndinaikweza."

"Osanena bwanji?"

"Kodi chilichonse chimene ndasuntha posesa ndizidzanena?" Kenaka anatembenukira kwa ine. "Alamu, ndi inu mwanena zimenezi?"

Ndinayang'ana zala za kumapazi. M'mawa mwake alamu anamanga zovala m'chitenje n'kubwerera ku Lifidzi. Achimwene sanandikalipire. Anangosiya kudya nane mbale imodzi.

Timatumba tinapitiriza kuchucha, ndipo ine ndinkati ndi chifukwa anaboola tonse asanachoke.

Tsiku la konsulta, lokaonedwanso kuchipatala, ndinakwera shapa, kaminibasi, nditamanga nsalu pamimba. Ndinapeza anamwino omwe aja. Atamatula kathumba anapukusa mutu.

"Iwe, ukudula ndi chiyani?"

Ndinatulutsa kakatoni, kokulungidwa bwino m'pulasitiki, ndikuganiza kuti andiyamikira. Anakaika pamimba panga. Pakati pa thumbo ndi m'mphepete mwa bowo pankatha kulowa chala.

"Thumboli linali lotupa, tsopano laphwa. Ndinakuuza kuti uziyeza sabata iliyonse, bowo la kakatoni likaposa thumbo udule kena. Khungu lonseli lakhala likusamba chimbudzi, nanga zomatira zingagwire pachilonda?"

Ndinafunsa chapansipansi ngati munthu sangaboole timatumba ndi singano. Anatenga kamodzi mwa timene ndinabwera nato, n'kuthiramo madzi, n'kukafinya. Sikanadonthe. Anaonjeza kuti ndinachita bwino kutisunga pouma, chifukwa tikadanyowa tikadawonongeka tonse. Sindinawauze amene anatisunga.

Kunyumba ndinafotokozera amayi. Iwo anati zachipatalazo amva, koma mdulo nawonso ulipo. Sindinatsutse, sindinazolowere kutsutsa. Koma chilonda chitayamba kuuma ndinapempha achimwene kuti andikweze panjinga mpaka ku Lifidzi.

Tinawapeza alamu akupalira nyemba. Ndinagwada m'munda momwemo, n'kuwapatsa timakatoni tiwiri, kakale ndi katsopano ka bowo laling'ono. Anatisanjikiza, n'kuyang'ana kusiyana kwa mabowo. Ndinafotokoza zonse, ndi za kaudzu zomwe.

"Ndiye munanditchera ngati mbewa," anatero. Sanaseke. "Mukadandifunsa, alamu. Pakamwa muli napo."

Tsikulo sanabwere nafe. Anati akufuna kuti mawu amene ndanena m'munda ndikawanenenso pabwalo pamene anachititsidwa manyazi. Ndinakawanena, amayi ndi malume ali pomwepo, ndipo malume anapita kukawatenga.

Alamu anafika Lachitatu la Phulusa, dzinja lomwelo, titangobwera kutchalitchi. Masana a tsikulo anaphika nyemba, ndipo mchere anathira okha, amayi akuona.