Milu ya a Nikodemo

A Nikodemo anali a ku Vubwi, koma anakwatira ku Mkaika n'kukhala pachikamwini. Ankaphunzitsa masamu pakasukulu ka mishoni kofolera udzu. Masileti anali ochepa, choncho ankaphunzitsira mtedza, ndipo theka la masamuwo linkathera m'mimba mwa ana.

Akafika pa kugawa, ankaika choko pansi n'kuyamba ulaliki. "Musamati masamu amenewa anabwera ndi azungu. Anachokera kuuzimba. Alenje akapha nyama, mmodzi ankaika milu, ndipo iyeyo ankatenga pomaliza. Munthu akadziwa kuti wake ndi mulu wotsala, sakondera."

Mbiri imeneyi inawapezera ntchito ina. Mkazi akamwalira m'mudzi, tsiku losudzula mwamuna wake ankaitana iwo kuti agawe katundu. Ankaika makasu apa, mbuzi apo, ndipo mkamwini wofedwayo ankakulunga mphasa yake n'kubwerera kwawo, ana n'kutsala kuchikazi. A Nikodemo ankafika kunyumba akudzitama kuti palibe wadandaula. Anaiwala kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mu 1959 akazi awo a Scholastica anamwalira ndi chifuwa, kusiya ana awiri, Salome ndi kamlongo kake Davison. Katundu a Nikodemo analibe naye ntchito. Chimene mtima wawo unkafuna chinali kupita ku Vubwi ndi mwana, ngakhale mmodzi yekha.

Tsiku losudzula litafika, a Wilson, mlongo wawo wa malemuwo, anawakhazika pakhonde.

"Alamu, katundu mwagawa bwino. Kwatsala ana. Mayi awo aang'ono a kuno atenga mmodzi, mayi awo ena a ku Sinda atenga mmodzi. Inu ndinu odziwa, tiuzeni wopita."

"Nanga ine?"

"Inu muli ndi njinga yanu. Ana ndi a mbumba yathu. Si zomwe mwakhala mukuuza anzanu?"

A Nikodemo akanatha kukana, anthu n'kuvutika nazo okha. Koma anaopa kuti wina akagawa, agawa mopanda chisoni. Anaganiza kuti Davison akadali wamng'ono, m'mawa uliwonse amadzuka n'kufunafuna amake, ndiye atsale pamudzi pamene anazolowera. Salome ndi wamkulu, amatha kusinja, sakakhala mtolo kwa eni nyumba. Ananena zimenezi, ndipo anthu onse anavomereza kuti agawa mwanzeru. Kuyamikira kumeneko kunawapweteka kuposa mwano.

Ku Vubwi anakakhala kwa mlongo wawo, ndipo choko sanachigwirenso. Pamaliro akawapatsa mpeni kuti agawe nyama, ankati maso anafooka. Chimene chinkawasowetsa mtendere ndi zimene zinachitika m'mawa umene ankachoka ku Mkaika. Akumanga mphasa panjinga, Salome, amene ankakhala kutsogolo m'kalasi mwawo, anabwera atasenza kale kamtolo kake ka ku Sinda.

"Atate, paja wogawa amatenga pomaliza. Inu mutenga ndani?"

A Nikodemo anangopitiriza kumanga chingwe chimene anali atamanga kale.