Bandeji Yonyowa ya Mayi Nachisale

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kudzera mwa akatekisiti akwathu ku Dzoole. Iwo anamva kuti chipatala china cha mishoni chikufuna munthu wothandiza kutsuka mabala. Ndinasiya fodya m'chigafa n'kupita. A Sisitala oyang'anira wodi anandiphunzitsa kusamba m'manja, kuvala magolovesi, kutsuka bala ndi madzi amchere kuyambira pakati kupita kunja, ndi kumanga bandeji.

Mwezi wachitatu kunabwera Mayi Nachisale, mphunzitsi wa ku Ntchisi. Ku Lilongwe anawachotsa chotupa pansi pa khutu, m'chiwalo chopanga malovu, n'kuwatumiza kwa ife. Dokotala anacheka motsatira khwinya la khosi kuti chipsera chisadzaoneke. Ine ndinkamanga bandeji yothina kuzungulira mutu ndi chibwano kuti malovu asadzadzane pansi pa khungu.

Koma bandejiyo inkanyowa tsiku lililonse. Sanali mafinya, anali madzi oyera. Lachinayi a Sisitala anandidzudzula odwala akumva.

"Bambo Phiri, simukumanga bwino. Balali likapanda kuuma pofika Lolemba, abwerera ku Lilongwe akalitsegulenso."

Mayiwo analira chamumtima. Anandiuza kuti akawachekanso, sadzathanso kuima pamaso pa ana m'kalasi.

Ndinayamba kuyang'ana nthawi imene bandejiyo inkanyowa. M'mawa bandeji inali youma, koma inkanyowa masana mayiwo akangotha kudya. Ndinapita kukhitchini ya magadiyani, ndipo ndinapeza achemwali awo akusungunula malambe m'kapu, pamoto pali chidede. Anati wodwala akukana chakudya, ndiye kwawo amapatsa zowawasa kuti zitsitsimutse m'kamwa.

Nditawafotokozera a Sisitala, anagwira pakamwa. Anati zowawasa zimachulukitsa malovu, ndipo malovuwo ndi amene ankatulukira pabalapo. Tinalamula phala, nthochi ndi mbatata yofewa basi. Achemwaliwo ananyinyirika kuti tikudyetsa mphunzitsi ngati khanda, koma anamvera.

Lolemba ndinamasula bandeji. Inali youma gwa. A dokotala anachotsa ulusi, n'kuwauza mayiwo kuti akweze nsidze, atsinzine, amwetulire, kuti aone ngati mitsempha ya kunkhope sinavulale powacheka paja. Nkhope yonse inayenda bwinobwino. Mayiwo anapempha kalilole, n'kufunafuna chipseracho mpaka anachita kupendeketsa mutu.

"Mwachita bwino, bambo," anatero a Sisitala, odwala omwewo akumva.

Papita zaka zambiri, ndipo tsopano ndine amene ndimaphunzitsa atsopano. Ndimawauza kuti bala likamakana kuuma, asanadzudzule womanga, ayambe afunsa chimene wodwala wadya.